Kwa Selene, Ndili Pakhonde la Chipatala

Dzina lako ndinalitola ndili ndi tsache m'manja
ku Mtunthama, chaka chomwe ndinkakolopa makonde
a ana ovala majekete.
Mphunzitsi wina wa mphuno yopsa ndi dzuwa
anasiya zenera lotsegula, ndipo ndinamva:
kwa Agiriki mwezi ndi mkazi.
Ndinaseka mpaka chikolopa chinagwera m'ndowa,
poti kwathu ku Chamama mwezi ndi bambo wamitala,
wonenepa kwa mkazi uyu, woonda kwa uyo.

Akuti uli ndi ngolo yako, ng'ombe ziwiri zoyera,
ndipo unakonda mbusa wa nkhosa
amene anagona m'phanga osadzukanso,
osafa, osakalamba.
Usiku ndi usiku umaimika ngolo
n'kutsika kukamuona akupuma.
Ine ndinati zachibwana,
mkazi wanji wotha mapazi chifukwa cha mwamuna wogona?

Lero takwanitsa masabata atatu.
Yotamu anagwa pa ngolo ya mabelo a fodya
potsetserekera ku Dwangwa,
Bulaki atadzidzimuka ndi njinga yamoto.
Ali pa bedi la kuzenera, kapaipi m'mphuno.
Amapuma.
Basi, amapuma.

Anamwino atitulutsa, tayala zitenje pasimenti.
Mayi wa ku Santhe akuliza mkonono, mutu pa chigubu,
magetsi azima, udzudzu uli pa ntchito,
ndipo iwe uli apo pamwamba pa thanki ya madzi,
mbuu, ngati sunalirepo.

Tandiuza, mnzanga.
Wakoyo umamutembenuza kangati kuti asatuluke zilonda?
Zofunda amachapa ndani?
Wako sakalamba,
wanga ndevu zikumera ngati bonongwe pa chulu,
dzulo pomumeta ndapeza imvi zinayi
zomwe kunalibe tsiku lija ankamanga goli.
Akuti unamuberekera ana aakazi makumi asanu.
Ine atatu okha andikwana,
Ndaziona amubweza kusukulu Lolemba,
fodya wotsala akuuma m'chigafa, mavenda akuzungulira,
ndipo akulu ake a Yotamu ayamba kale
kuwerenga ng'ombe ndi maso.

Pali china chimene mphunzitsi uja ananena
ndikutola ndowa kuti ndizipita:
ena amati tulo tija unamupemphera ndiwe,
kuti asakalambe, asachoke, asayang'ane kwina.
Kodi n'zoona?
Usachite manyazi, inenso ndinapemphapo.
Chaka chatha, ndalama za ku Chinkhoma
zitathera m'mabotolo masiku asanu ndi limodzi,
anabwera ndi buledi mmodzi ndi nyimbo pakamwa.
Ndinamuvula nsapato, ndinamufunditsa,
mumtima ndikuti: mutagona osadzuka, mwina ndingapume.
Sindinauzepo abusa, sindinauzepo mchemwali wanga.
Ndauza iwe poti sudziwa njira ya kwathu.

Tsono ndafuna kudziwa,
pamene unaona kuti pempho lako lamveka,
kuti sadzakuyankhanso ngakhale mwamwano,
unakabweza mawu kwa ndani?
Khomo lake lili kuti?

Sukuyankha. Chabwino.
Koma iwe mlonda sakuletsa,
lowera pa galasi losweka lija,
uwoloke mabedi awiri, umupeza.
Usamupsompsone, ameneyo ndi wanga.
Ungomukhudza pachipumi pali bandeji,
umuuze kuti Bulaki akukana msipu,
kuti denga la khitchini ladontha pomwe ndinkanena paja,
kuti ngongole ya feteleza sinagone nawo.
Umuuze abwere adzandikalipire.

Taona, wayamba kale kutsetsereka,
ngolo yako yaloza ku Zambia
kudutsa pamwamba pa phiri la Kasungu.
Pita, wako akudikira, ngakhale sadziwa kuti akudikira.
Ine ndikakoleze makala kuseri kwa mpanda,
madzi omusambitsa afunde
asanatsegule chitseko.